Mwana akabadwa kudzera mwa mayi wina, tchuthi cha uchembere ndi cha ndani?

Lamulo lathu la zantchito, Employment Act ya 2000, linalembedwa poganizira kuti mayi amene watenga pakati ndi yemweyo adzachire, ndiponso ndi yemweyo adzapite ndi khanda kunyumba. M'mabanja ambiri zimaterodi. Koma alipo mabanja ena, ngakhale ndi ochepa, amene mwana wawo amanyamulidwa ndi mayi wina, kaya mchemwali wa mkazi, msuweni, kapena munthu amene agwirizana naye kudzera kuchipatala cha kunja. Zikatero wochira amakhala wina, wodzuka usiku kusintha matewera n'kukhalanso wina, ndipo onse awiri akhoza kukhala pantchito yolembedwa. Nkhani ikafika kwa a HR, oyang'anira za ogwira ntchito, kaya ndi kubanki ku Victoria Avenue kapena kufakitale ku Makata, amatsegula buku la malamulo a kampani n'kupeza kuti mulibe mzere wonena za zimenezi.

Anthu safika pa njira imeneyi mwa masewera. Ena anachotsedwa chiberekero chifukwa cha zotupa kapena khansa, ena anabadwa opanda chiberekero, ena apita padera kambirimbiri, ndipo ena adokotala anawauza kuti mtima kapena impso zawo sizingapirire pakati. Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi yoti dzira limakhala la mayi woberekayo, mbewu n'kukhala ya bambo wofuna mwana, kotero mwanayo ndi magazi a mayi woberekayo. Yachiwiri ndi ya IVF, pomwe dzira ndi mbewu amaziphatikiza kulabu kenako n'kuika mluza m'chiberekero cha mayi winayo, amene sakhala pa ubale wa magazi ndi mwana. Kuchipatala kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Pa nkhani ya tchuthi kuno kwathu sikusintha zambiri, chifukwa dziko lino lilibe lamulo lapadera lokhudza kuberekerana ana.

Mayi wonyamula pakati

Uyu ndiye alibe vuto ndi lamulo. Ndime 47 imati mayi wogwira ntchito ali ndi ufulu wa tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8, pa malipiro athunthu, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Ndimeyi sifunsa kuti mwana akakhala kuti akatuluka kuchipatala. Thupi lomwe lamva zowawa za kuchira, kapena lomwe lang'ambidwa pa opaleshoni, likufunika kupuma ngakhale khanda litapita ku Namiwawa iye n'kubwerera ku Ndirande. Bwana amene angamuuze kuti abwere Lolemba poti alibe mwana woyamwitsa waphwanya lamulo. Pa nthawi ya tchuthiyi zaka zake za ntchito zimawerengedwabe, ndime 48 imamupatsa ufulu wobwerera pa ntchito yomweyo ndi malipiro omwewo, ndipo ndime 49 imati kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha pakati ndi mlandu. Akadwala chifukwa cha pakatipo kapena kuchirako, dokotala n'kulemba kalata, lamulo limauza wolemba ntchito kuti amuwonjezere masiku, ngakhale kuchuluka kwake limamusiyira wolemba ntchitoyo.

Msampha uli pa mawu akuti kamodzi pa zaka zitatu. Mayi akaberekera mkulu wake chaka chino, watha mwayi wake. Akadzatenga pakati pakepake chaka chamawa, kampani ikhoza kukana kumulipira tchuthi china ndipo lamulo silingaikakamize. Mabanja amakambirana za mabilu akuchipatala, chakudya ndi thiransipoti yopitira kusikelo, koma izi amaiwala. Nkhani imeneyi iyenera kulowa m'mgwirizano kuyambira pachiyambi, kuti zikadzatero adzamubwezera ndani malipiro a miyezi iwiriyo.

Abambo ali ndi masabata awiri, amayi alibe kanthu

Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha Employment Act n'kuikamo tchuthi cha abambo cha masabata osachepera awiri pa malipiro athunthu, nachonso kamodzi pa zaka zitatu. Kusintha komweko kunabweretsa nthawi yoyamwitsa pantchito, theka la ola kawiri patsiku kwa miyezi yosachepera 6 kuchokera pomwe mwana wabadwa. Tchuthi cha abambo sichidalira kuti munthu anali ndi pakati, ndiye bambo amene mbewu yake inagwiritsidwa ntchito, dzina lake n'kulembedwa ngati bambo pa mapepala a kubadwa kwa mwana, ali ndi poima polimba. Povuta ndi pomwe mayi woberekayo ali pabanja, chifukwa malamulo amayamba aganiza kuti mwana wobadwa kwa mayi wokwatiwa ndi wa mwamuna wake mpaka patapezeka umboni wina. Pamenepo pangafunike kupita kukhoti kuti litsimikize bambo weniweni, zomwe Child Care, Protection and Justice Act ya 2010 imalola, ndipo umboni wa kuyeza DNA umathandiza.

Amene watsala panja ndi mayi wolandira mwanayo. Ndime 47 imangoti mayi wogwira ntchito, siifotokoza kuti uchembere ndi chiyani, kotero loya akhoza kunena kuti mayi aliyense amene wapatsidwa khanda la tsiku limodzi akulowamo. Koma mawu ozungulira ndimeyi akukamba za pakati ndi kuchira, ndipo olemba ntchito ambiri amawerenga motero. Lamuloli lilibenso tchuthi cha makolo otenga mwana kudzera kukhoti, chomwe m'mayiko ena ndi khomo lomwe makolo oterewa amalowera. Zotsatira zake n'zodabwitsa: m'nyumba imodzi, mwamuna ali ndi masabata awiri olembedwa m'lamulo, mkazi amene akhale ndi khandalo usana ndi usiku akudalira chifundo cha bwana.

Ife tikuona kuti kuwerenga kotereku n'kopapatiza kwambiri. Tchuthi cha uchembere chimagwira ntchito ziwiri, kupumitsa thupi la mayi ndi kusamala khanda. Yachiwiriyi siichoka chifukwa choti mwana wabadwira m'mimba ina. Khanda la masabata awiri limadya maola awiri kapena atatu alionse, mchombo uyenera kuyang'aniridwa, chikasu chimaoneka m'masiku oyambirira, ndipo katemera wotsatira wa pobadwa amaperekedwa pa masabata 6, 10 ndi 14. Amayi ena olandira mwana amayamwitsanso ndithu, chifukwa ndi thandizo la adokotala, mankhwala ndi kukama pafupipafupi kuyambira milungu ingapo mwana asanabadwe, mkaka umatha kubwera ngakhale mayi sanatenge pakati. Mayi wotere ali ndi chifukwa chomveka chopemphera theka la ola kawiri patsiku lija, poti iye ndiye woyamwitsa. Palinso ndime 5 ya lamulo lomweli yoletsa tsankho pantchito, ndipo pa zifukwa zomwe imatchula pali udindo wa pabanja. Malamulo oyendetsera dziko lino, pa ndime 23, amaika patsogolo zokomera mwana, ndipo ndime 31 imapereka ufulu wochitiridwa chilungamo pantchito. Zonsezi ndi mfundo zokatsutsira kukhoti. Palibe mwa izo chimene chingakakamize a HR kusaina fomu mawa m'mawa.

Mayi ndi ndani pamaso pa lamulo

Muzu wa vuto suli m'lamulo la zantchito. Uli pa pepala lonena kuti mwana ndi wa yani. Mwana akabadwira ku Gogo Chatinkha ku Queens kapena kuchipatala china chilichonse, anamwino amalemba dzina la mayi amene wachira, ndipo uthenga womwewo ndiwo umapita ku National Registration Bureau kuti atulutse satifiketi ya kubadwa. Mgwirizano wa pabanja, ngakhale wolembedwa ndi loya, susintha zimenezi pawokha. Njira yodalirika yoti mayi wolera akhale mayi mwalamulo ndi chigamulo cha khoti motsatira Adoption of Children Act, lamulo lakale la nthawi ya atsamunda. Limafuna kuti wotenga mwana akhale ndi zaka zosachepera 25, apose mwanayo ndi zaka 21, akhale wokhala m'dziko muno, ndipo makolo obereka avomereze. A zachisamaliro cha anthu amafufuza pakhomo n'kulemba lipoti lopita kwa woweruza. Ku Blantyre nkhani zotere zimapita ku High Court ku Chichiri, komwe kuli nthambi yoona za mabanja. Pempho lotere silingayambe mwana asanabadwe ndipo silitha sabata imodzi. Ndiye kampani ikanena kuti bweretsani kaye chigamulo cha khoti tikupatseni tchuthi, pepalalo lidzafika masabata ovuta aja atadutsa kale.

Adoption of Children Act yomweyi imaletsa kulandira kapena kupereka malipiro chifukwa chotenga mwana popanda chilolezo cha khoti, ndipo kuyambira 2015 tili ndi Trafficking in Persons Act, lamulo loletsa kugulitsa anthu. Kulipira mabilu akuchipatala ndi kubwezera malipiro omwe mayi wataya n'kosiyana ndi kugula mwana, koma kusiyanako kuyenera kuoneka pa malisiti. Ndalama zodutsa m'manja popanda cholemba zimadzabweretsa mafunso kukhoti.

Kuno kummwera palinso mwambo. M'mabanja a chikamwini mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mwini mbumba ali ndi mawu pa ana a alongo ake. Kulera mwana wa m'bale si chachilendo kwa ife, ana ambiri akulira kwa azakhali kapena kwa mayi aang'ono popanda pepala lililonse. Koma mwambowo suchotsa umayi wa wobereka. Ngati amalume ake a mayi woberekayo ndi ankhoswe a mbali zonse sanauzidwe, chivomerezo chimene munkadalira chikhoza kugwedezeka sabata yomwe mukufuna kupita kukhoti, ndipo tchuthi chimene munagwirizana ndi abwana chimagwedezeka nacho.

Mayiko ena anachita bwanji

Ku Ulaya nkhaniyi inafika kukhoti lalikulu la European Union, lomwe pa 18 March 2014 linagamula milandu iwiri, wina wochokera ku Britain wina ku Ireland. Linati malamulo a mgwirizanowo sakakamiza wolemba ntchito kupereka tchuthi cha uchembere kwa mayi amene sanatenge pakati, ngakhale akuyamwitsa. Britain inakonza yokha: kuyambira April 2015 mmodzi mwa makolo olandira mwana amatenga tchuthi chofanana ndi cha otenga mwana kukhoti, mpaka masabata 52, ndipo 39 mwa amenewa amalipidwa, bola akhale oti apempha chigamulo cha umakolo pasanathe miyezi 6 mwana atabadwa. Chofunika kuona apa n'chakuti tchuthi chimayamba mwana akabadwa, osadikira kuti khoti ligamule. India mu 2017 inapereka masabata 12 kwa mayi wolandira mwana, kuwerenga kuyambira tsiku lomwe wamulandira, pomwe mayi wochira amapatsidwa 26.

Chitsanzo chapafupi ndi South Africa. Kumeneko Children's Act ya 2005 imafuna kuti High Court ivomereze mgwirizano pakati pasanayambe, ndipo mwana akangobadwa amakhala wa makolo opemphawo. Kulipira phindu n'koletsedwa, komanso mayi wobereka ndi mmodzi mwa makolo opempha ayenera kukhala okhazikika m'dzikomo, ndiye si njira yoti Mmalawi angokwera ndege ku Chileka n'kukaigwiritsa ntchito. Mu 2015 khoti la zantchito ku Durban linamva dandaulo la bambo wogwira ntchito ku State Information Technology Agency, amene ndiye anali wolera khanda kuyambira tsiku lobadwa koma anamanidwa miyezi inayi yolipidwa. Khotilo linati kumeneko n'kusala, chifukwa tchuthicho chimayang'ananso zokomera mwana. Kuyambira 1 January 2020 lamulo lawo linapereka masabata 10 kwa kholo lolandira mwana, ndipo mu October 2025, pa mlandu wa Van Wyk, Constitutional Court, khoti lalikulu kwambiri la dzikolo, inagamula kuti makolo a mtundu uliwonse azigawana miyezi inayi ndi masiku 10. Zigamulozi sizimanga makhoti athu, koma ndime 11 ya malamulo oyendetsera dziko lino imalola oweruza kuyang'ana milandu yofanana ya kunja.

Ku Kenya kunachitika chinthu chimene aphungu athu ayenera kuchidziwa. Bilu yawo inali ndi tchuthi cha makolo otenga mwana kukhoti komanso cha makolo oberekeredwa. Pulezidenti wa nthawiyo, Uhuru Kenyatta, anakana mbali yachiwiriyi ponena kuti dzikolo linalibe lamulo loyendetsera kuberekerana, ndipo mu 2021 panatuluka mwezi umodzi wa otenga mwana okha. Tchuthi chimavuta kulemba pomwe lamulo silinanene kuti kholo ndi ndani.

Kukambirana ndi abwana

Popeza lamulo limangoika malire apansi, chenicheni chili m'kalata yanu ya ntchito, m'buku la malamulo a kampani, kapena m'mgwirizano wa bungwe la ogwira ntchito ndi abwana. Werengani mawu ake enieni. Buku lina limati wogwira ntchito woyembekezera, lina limati mayi amene wakhala ndi mwana, ndipo mabungwe ena a kunja ogwira ntchito kuno amakhala kale ndi tchuthi cha makolo otenga mwana chomwe anabwera nacho kuchokera kulikulu lawo. Mawu achiwiri ndi achitatuwa amakupatsani polowera.

Nthawi yabwino yolemba kalata ndi pakati pakadutsa miyezi itatu, sikani itatsimikiza tsiku loyembekezera. Kulemba msanga kuposa apo n'kudziulula pa chinthu chomwe chingalephereke, ndipo kudikira mwezi womaliza kumapatsa abwana chifukwa chokanira poti sanakonze wogwirizira ntchito yanu. Kalatayo ipite kwa mkulu wa HR mmodzi, mupemphe kuti isungidwe mwachinsinsi. Ikanimo kalata ya dokotala yonena tsiku loyembekezera, ndi chikalata cholumbira pamaso pa loya chonena kuti mwanayo adzakhala m'manja mwanu kuyambira pobadwa ndipo mudzapempha chigamulo cha khoti. Dzina la mayi woberekayo ndi matenda amene anakufikitsani apa si za kampani. Lonjezani kudzabweretsa chigamulocho chikatuluka.

Pemphani zinthu zotchulika: masabata 8 pa malipiro athunthu, kapena miyezi itatu ngati ndi zomwe kampani imapatsa amayi ena, masiku ochepa opita nawo kusikani, ndi ufulu wobwerera pa udindo womwewo. Tsiku loyambira lisakhale deti ya pakalendala. Lembani kuti tchuthi chiyamba tsiku lomwe mwana wabadwa kapena sabata imodzi tsiku loyembekezera lisanafike, chimene chingayambe kuchitika. Pa IVF adokotala ena amaika miluza iwiri, mapasa amachuluka, ndipo mapasa kawirikawiri amabadwa masabata 37 asanakwane. Mwana wobadwa masiku osakwana amafunika kumugoneka pachifuwa, khungu ndi khungu, maola ambiri patsiku monga amachitira ku kangaroo, ndipo chifuwacho chidzakhala chanu.

Akakana malipiro athunthu, phatikizani zomwe zilipo. Ndime 44 ya Employment Act imapereka masiku 15 a tchuthi cha pachaka kwa wogwira ntchito masiku asanu pasabata, ndi 18 kwa wogwira masiku 6. Amenewo ndi masabata atatu. Otsala asanu akakhala opanda malipiro, munthu wolandira K600,000 pamwezi ataya pafupifupi K690,000, pa nthawi yomwe akugula mkaka wa m'chitini ndi kulipira loya. Ndalama ya penshoni, ya 10 peresenti ya abwana ndi 5 peresenti yanu, imawerengedwa kuchokera pa malipiro, ndiye funsani kuti ikhala bwanji m'masabata amenewo. Funsaninso ngati sikimu ya chipatala ipitirira, komanso pepala lomwe akufuna kuti khanda lilembedwe pa dzina lanu, poti satifiketi yoyamba idzakhala ndi dzina la mayi wina. Ena amagwirizana theka la malipiro, ena kugwira ntchito kunyumba masiku atatu pasabata mwezi wachitatu. Mwamuna atenge masabata ake awiri pomwe a mkazi athera, osati nthawi imodzi, kupatula masiku oyambirira enieni. Chilichonse mwagwirizana chilembedwe ndi kusainidwa. Bwana wachifundo amasamutsidwa, wobwerayo amangodziwa zomwe zili mufayilo.

Mwana akabadwira kunja, onjezerani nthawi. Sangakwere ndege popanda chiphaso choyendera, chiphasocho chimadalira mapepala a kubadwa ndi umboni wa unzika, ndipo dziko lililonse lili ndi kachitidwe kake. Masabata 8 akhoza kuthera kuhotela. M'kalata ya kuntchito muikemo mzere wolola masiku owonjezera opanda malipiro ngati mapepala achedwa, kuti kusabwera kwanu kusaoneke ngati kuthawa ntchito.

Njira zachidule zimene zimawononga

Chifukwa cha manyazi amene kusabereka kumabweretsa pakati pathu, ena amasankha kubisa. Amavala zovala zazikulu miyezi ingapo, n'kupeza kalata ya dokotala yonena kuti ndi oyembekezera. Ena amauza mayi woberekayo kuti akalembetse kusikelo ndi dzina la mayi wolera kuti satifiketi idzatuluke yokonzeka kale. Zonsezi n'zoopsa. Kalata yabodza yolandirira malipiro ndi chinyengo chomwe chimalola kampani kuchotsa munthu nthawi yomweyo motsatira ndime 59, ndipo dokotala wolembayo amaika laisensi yake pachiswe. Kupereka uthenga wabodza polembetsa kubadwa ndi mlandu pa National Registration Act. Kuchipatalanso, buku la kusikelo lokhala ndi dzina la munthu wina limasokoneza gulu la magazi ndi mbiri ya matenda pa nthawi yomwe mayi akutaya magazi. Tchuthi cha matenda cha pa ndime 46, chomwe ndi masabata 4 pa malipiro athunthu ndi 8 pa theka kwa amene watha chaka pantchito, n'cha wodwala weniweni, sichoyenera kubisalamo.

Mukachotsedwa ntchito chifukwa chopempha kapena kutenga masiku olera khanda, ndime 57 imati udindo wa pabanja si chifukwa chovomerezeka chochotsera munthu. Dandaulo lipite kwa mkulu wa ofesi ya zantchito ya boma la Blantyre pasanathe miyezi itatu, ndipo akalephera kukuyanjanitsani nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khoti loona za ntchito. Kumeneko ndi wolemba ntchito amene ayenera kupereka chifukwa chomwe anakuchotserani. Sungani kalata yanu yopempha, yankho lawo, ndi umboni wa masiku amene amayi ena pakampanipo anapatsidwa. Amene sangakwanitse loya akhoza kuyamba ndi Legal Aid Bureau kapena bungwe lawo la ogwira ntchito.

Kwa olemba ntchito, kukonza zimenezi sikufuna kudikira aphungu. Ndime imodzi m'buku la kampani ndi yokwanira: wogwira ntchito amene akhale mlezi wamkulu wa khanda kuyambira pobadwa kapena polilandira apatsidwe masiku ofanana ndi a uchembere, kholo linalo lipatsidwe masabata awiri, umboni ukhale kalata ya dokotala ndi chikalata cholumbira, ndipo chigamulo cha khoti chibwere mkati mwa nthawi yogwirizana, mwachitsanzo miyezi 12. Ndime yomweyo idzathandizanso anthu ochuluka kuposa oberekeredwa, monga mayi wotenga khanda kumalo osungira ana, kapena wogwira ntchito amene mng'ono wake wamwalira pochira n'kumusiyira mwana wa masiku atatu.